Pikapu Yomwe Idamwetsedwa Mafuta a Usipa

Lachisanu, nthawi itangokwana 12 koloko masana. Pa doko la Katambo padali zii. Amuna adali mu mzikiti, ku swala ya Juma. Amayi adali atathawira m'zisakasa, dzuwa likuswa mtengo. Panja padangotsala mathandala a usipa ndi nkhuku zakuba.

Idi Mwamadi sadapite ku mzikiti. Adaimika pikapu yoyera kuseri kwa shedi yakale ya maukonde, pomwe wodutsa pamsewu sangaone. Galimotoyo sidali yake. Idali ya mlamu wake, Mayi Karima, ogula nsomba padoko n'kukagulitsa ku Lilongwe. Iye adali dalaivala chabe.

Adayala katoni pamchenga. Adalowa kunsi chagada, bobojani m'manja. Adagwira bawuti la sampu, mphika uja wa pansi pa injini momwe mumakhala oyilo. Bawutilo lidakana. Adakoka mwamphamvu mpaka mano a bobojani adaluma chitsulo. Lidamasuka.

Oyilo adatsika ngati uchi. Watsopano, wa masiku awiri okha mu injinimo. Idi adatchera chigubu choyera. Ku Chinguluwe kudali mwini makina opunthira mpunga yemwe sankakonda mafunso.

Kenako adatulutsa chigubu china. Mudali mafuta akale okazingira usipa, akuda bii. Adawasefa ndi chidutswa cha neti ya udzudzu chobookabooka. Adayetsemula kawiri. Adawathira mu injini mpaka adafika pa mzere wa dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo. Adakayang'ana padzuwa. Mtundu wake udali ngati wa oyilo woyenda maulendo angapo. Nanga fungo? Pikapu ya nsomba. Ndani angadabwe ndi fungo la nsomba?

Adaliza injini. Idalira bwinobwino. Choterera n'choterera basi, adatero mumtima.

Pomwe anthu ankatuluka mu mzikiti n'kuti iye akutsuka m'manja ndi mchenga kunyanja.

Padapita masabata atatu.

Lachinayi m'mawa, pa Khombedza. Anderson Chatepa adali pabenchi, wailesi ikulira chapansipansi. Galaja yake sidali ya kaso. Mtengo wa mango. Dzenje lolowera kunsi kwa galimoto. Kontena yakale yosungiramo zida. Basi. Koma idamukwana. Ntchito adaphunzira ku Biwi, mu Lilongwe. Tauni idamutopetsa, adabwerera kwawo zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Chibwerereni, galimoto za nsomba ndi za mpunga za m'derali zinkadutsa m'manja mwake. Adalibe nyumba ya malata ofiira. Adali ndi dzina. Linkamudyetsa, ndipo ankagona tulo.

Nthawi ya 9:20 kudatulukira lole ya mchenga, ikukoka pikapu yoyera ndi chingwe. Anderson adaizindikira isadaime. Adazimitsa wailesi.

Oyamba kutsika adali Mayi Karima, mpango wobiriwira kumutu, nkhope ili ndwii. Wachiwiri Idi. Wachitatu mayi wamfupi wa yunifolomu, kabuku m'manja. Sajenti Charity Mlenga, wa polisi ya m'deralo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" adalonjera Anderson.

"Za kudzuka zisiyeni, a Chatepa. Funsani galimoto yangayi."

"Yatani?"

"Lero ndinati ndikwere nawo. Tisanafike pa tala, kanyali kofiira phethiphethi. Injini ikulira ngati makina osokera. Ndawauza alamu kuti imani pompano. Nsomba zanga zapita pa galimoto ya eni."

"Mwachita bwino kuimitsa."

"Musandiyamikire."

Sajenti adatsegula kabuku. "Ndinu Anderson Chatepa?"

"Ndine, bwana."

"Mayiwa adandaula. Akuti anagula okha oyilo wosatsegula ku Lilongwe. Anapatsira dalaivala kuti abweretse kuno. Akuti inu munasunga oyiloyo n'kuthira wakutha."

"Akutero ndani?"

"Alamu anga," adayankha Mayi Karima. "Che Idi anakusiyani ndi zigubu zotseka, iwo n'kukamwa tiyi. Pobwera anapeza boneti mwatseka kale."

Anderson adayang'ana Idi. Zidali zoona. Tsiku limenelo Idi adapitadi kukamwa tiyi. Palibe adaona oyilo akulowa mu injini. Idi ankayang'ana nsapato zake.

Anthu adayamba kusonkhana. Oyitanira minibasi. Amayi a tomato. Mwini lole ya mpunga yomwe idali padzenje adayandikira, n'kufunsa chonong'ona ngati makiyi ake ali pafupi. Mawu amenewo adamulasa Anderson kuposa a mayi aja.

"Tiyeni ku ofesi," adatero Sajenti. "Mukafotokozera komweko."

"Ndipita, bwana. Koma ndiloleni ndiitsegule kaye, inu mukuona. Ine nditha kunama. Injini sinama."

"Asaigwire," adalowerera Idi. "Abisa umboni ameneyu."

"Abisa bwanji ine ndili pano?" Sajenti adakoka mpando wa pulasitiki, adauika pamthunzi. "Ndakupatsani mpaka masana. Chilichonse chotuluka mmenemo chidutse m'maso mwanga."

Adakankha lole ya mpunga. Pikapu idakwera padzenje.

Anderson adatsegula boneti. Manja atangokhudza chitsulo, mtima udakhala pansi. Iyi idali ntchito yake.

"Kanyali kaja kamayaka mphamvu ya oyilo ikachepa," adatero, akuyankhula ndi Sajenti. "Oyilo sangokhala pansi ayi. Pampu imamukoka, n'kumukankhira m'tinjira tonse ta injini. Akapanda kufika, chitsulo chimadya chitsulo. Kenako injini yanoka. Ndiye timayamba ndi chophweka."

Adasolola dipisitiki. Adapukuta. Adabwezera, adasololanso.

"Oyilo ndi wokwanira. Sanatayike, sanapse."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Mwina kanyali kakunama. Kaswichi kake kakatopa kamayatsa popanda chifukwa. Tiyesa ndi geji."

Adachotsa waya. Adamasula kaswichi m'mbali mwa injini. Pabowo pake adamangapo kapaipi ka geji yake yakale, ya galasi long'aluka. Adaipereka kwa Sajenti.

"Gwirani. Injini yabwino kamuvi aka kamafika pa 3, pena pa 4. Che Idi, lizani. Ndikakweza dzanja muzimitse."

Injini idalira. Ke-ke-ke-ke, pamwamba pake. Kamuvi kadanjenjemera. Kadakwera pang'ono, n'kuima kasadafike ndi pa 1 pomwe. Anderson adakweza dzanja.

"Kanyali sikakunama," adatero. "Oyilo alimo, koma sakuyenda."

"Mwamva, alamu?" adatero Idi. "Wavomera yekha."

Anderson adaweramira pa injini. Adamasula fyuluta, chosefera oyilo. Idali yomwe adaika yekha, tsiku lake lidali lolembedwa ndi msomali pambali. Adaiyeza m'manja. Idalemera ngati mwala. Adaipendeketsa. Simudatuluke kanthu. Patapita kanthawi mudatsika dontho limodzi, lokoka ulusi ngati ulimbo.

Adalipaka pakati pa zala. Lidamata. Oyilo wakutha amasungunuka, amakhala ngati madzi akuda. Uyu ayi. Anderson adachita tsinya. Zaka zonsezi adali asadaonepo zotere.

"Titsitse sampu," adatero.

Adalowa m'dzenje ndi beseni, adamasula bawuti la sampu. Sajenti adasiya mpando, adanjuta m'mphepete, akusuzumira. Zotuluka m'sampumo zidatsika mwaulesi, ngati phala lozizira. Anderson adaika bawuti m'thumba la ovolosi. Adamasula timabawuti tozungulira, kamodzikamodzi, n'kumatiika m'chitini. Adamenya ndi chikhatho. Sampu idalekana ndi injini.

Fungo lidadzaza m'dzenje monse.

Sajenti adafwenkha mphuno. "Wina akukazinga nsomba pafupi pano?"

"Ayi, bwana. Zikuchokera muno."

Adatuluka ndi sampu, adaiika pakatoni. Adabwereranso, n'kutuluka ndi kapaipi kopindika kokhala ndi sefa kumapeto.

"Pampu imamwera apa. Onani."

Sefayo sinkaoneka maso ake. Idali yomatika ndi zinthu zakuda, zonata. Anderson adathira palafini m'mbale yachitsulo. Adaviika sefa, adaitsuka ndi mswachi wakale. Zakudazo zidasungunuka. Pansi pa mbale padatsala tinthu. Adakhuthula palafini pang'onopang'ono, n'kuika mbale padzuwa.

Timamba tonyezimira. Timinga tosalala ngati tsitsi. Nyenyeswa zopserera.

Mayi wina wa tomato adasuzumira. "Usipa uwo."

Anthu adaseka. Anderson adasekanso, mtima utapepuka.

"Awa si oyilo, bwana. Ndi mafuta okazingira. Akatentha nthawi yaitali mu injini amagwirana ngati ulimbo. Atseka sefa, atseka fyuluta. Pampu ikumwa mphepo."

"Astaghfirullah," adanong'ona Mayi Karima. "Nanga fungolo sitinalimve bwanji?"

"Galimoto yanu, mayi, ngakhale tayala lake limanunkha nsomba."

Idi adawomba m'manja kamodzi. "Ndiye mwaona nokha. Mpaka mafuta a nsomba. Si nkhanza zimenezi? Bwana, mukudikiranso chiyani?"

Kuseka kudatha. Sajenti adatembenukira kwa Anderson.

"Akunena zoona. Mwationetsa chomwe chinathiridwa. Simunationetse yemwe anathira. Womaliza kutsegula injiniyi, malinga ndi zomwe ndalemba, ndinu."

Anderson adayang'ana mbale ija. Adali atadzikumbira yekha dzenje. Mwini lole ya mpunga adali atatenga kale makiyi pa msomali, akuwaseweretsa m'manja.

Adapisa dzanja m'thumba kufuna nsanza yopukutira thukuta. Zala zidagunda bawuti la sampu. Lidamukanda. Bawuti lomwe iye wamanga silikanda. Adalitulutsa, adalitembenuza padzuwa.

"Bwana, bwerani muone kunsi kwa lole iyi."

"Ya chiyaninso?"

"Ndaithira oyilo dzulo. Ingoonani bawuti lake."

Sajenti adagwada, adasuzumira. "Pali kamzere kachikasu. Kachokera pabawuti, kafika pasampu."

"Ndi chizolowezi changa. Ndikamanga, ndimalemba ndi penti. Anandiphunzitsa abwana anga ku Biwi, kuti usamakaike ngati wamanga kapena ayi. Funsani aliyense pano."

"N'zoona," adatero mwini lole. "Yanga yakale inalinso nako."

"Tsopano onani ili." Anderson adapereka bawuti la pikapu. "Penti wanga wapalika. M'makona mwadyeka. Awa ndi mano a bobojani. Ine bawuti la sampu ndimamasula ndi soketi, nambala yake yeniyeni. Bobojani ndi wa anthu a mipope. Wina anatsegula pambuyo pa ine, ndipo si makaniko."

Sajenti adaliyang'ana nthawi yaitali. Adalikulunga m'pepala.

Nthawi yomweyo azana, kuitanira anthu ku mapemphero, idamveka kuchokera ku mzikiti wa kumpoto kwa msika. Idi adasasa buluku.

"Ndikaswali. Ndibwera pompano."

"Pitani," adatero Sajenti. "Musachedwe."

Adamuperekeza ndi maso mpaka adakhota kuseri kwa magolosale. Kenako adatsegula chitseko cha pikapu, adapinda mpando. Kuseri kudali jeke, chingwe, nsapato zakale. Ndi bobojani. Adamutsegula kukamwa. M'mano mwake mudali tinyenyeswa tachikasu.

"Zida izi ndi za yani?"

"Za m'galimoto," adayankha Mayi Karima, mawu atatsika. "Koma imagona pabwalo. Aliyense angatsegule. Che Idi ndi mwamuna wa mng'ono wanga, bwana. Zaka zisanu akundiyendetsera. Amadya m'nyumba mwanga."

Mayiwo adakhala pabenchi. Maso awo adagwera m'mbale ija. Adaitenga. Adatakasa ndi chala. Adatola kanthu kakang'ono, kozungulira, kofiirira. Adatolanso kena. Adaika pachikhatho, adanunkhiza.

"A Chatepa, izi n'za mu injini?"

"Ayi, mayi. Injini ilibe zotere."

"Njere za kambuzi." Adapuma mozama. "Padoko pathu okazinga usipa alipo khumi ndi awiri. Onse amangothira mchere. Mmodzi yekha, mayi yemwe ndimagulako usipa, ndiye amaponya tsabola wa kambuzi m'chiwaya. Esha. N'chifukwa chake usipa wake ku Lilongwe sugona pabenchi."

"Muli ndi nambala yake?" adafunsa Sajenti.

Mayi Karima adatulutsa foni pansonga ya chitenje. Adaimba, adakweza mawu kuti onse amve.

"Asalamu aleikum, Esha."

"Wa aleikum salamu, achemwali. Mwafika kale ku Lilongwe?"

"Ndidakali pa Khombedza. Tandiuza, mafuta ako akatha ntchito umapita nawo kuti?"

"Ndimapatsa amayi opanga sopo aja. Bwanji, mwayamba sopo?"

"Onse amapita kwa iwowo?"

"Eya. Kupatula mwezi watha, anatenga Che Idi chigubu chathunthu. Amati akapake mitengo ya khola la mbuzi, chiswe chavuta. Dzana anabweranso kudzafunsa ngati ena akwana."

"Zikomo, Esha."

"Kwagwanji, achemwali?"

"Ndikuuza ndikabwera."

Adadula foni. Adaibwezera pachitenje, adamanga mfundo kawiri.

"Che Idi alibe mbuzi," adatero. "Ngakhale nkhuku."

Sajenti adatseka kabuku. "Mzikiti uli uku. Iwo alowera uko, ku siteji. Tiyeni. Inunso a Chatepa, sindinakumasuleni."

"Tithamange, bwana."

"Tithamangiranji? Minibasi ya Lachinayi masana? Inu simukwera minibasi eti?"

Adayenda mwachifatse. Nthawi idali 12:35.

Pa siteji padali minibasi imodzi yopita ku Salima. Injini ikulira, dalaivala akuseweretsa mafuta ngati anyamuka pompo. Idali itatero kwa ola lathunthu. Kondakitala atawaona atatuwo nkhope idawala.

"Salima boma, Salima boma. Awiri otsala, wachitatu tipanikizana. Bwana, inu kutsogolo."

"Sitikukwera," adatero Sajenti. "Tikutsitsa."

"Aa, bwana. Ola lonse ndikusaka anthu, inu mukudzachotsanso?"

Idi adali pampando wakumbuyo kwenikweni, pakona. Adasankha pobisika. Pamiyendo adamusenzetsa thumba la mpunga la mayi wina. Kumanzere kudali bambo wonenepa ndi batire ya galimoto. Zenera la mbali yake lidali lomata ndi tepi. Chipewa adachikokera kumaso.

Sajenti adagogoda pagalasi. "Che Idi, mzikiti wake ndi umenewu?"

Idi sadatembenuke.

Kuti atuluke, padayenera kutsika anthu asanu ndi atatu. Adatsika mmodzimmodzi, akung'ung'udza. Mayi wa mwana kumbuyo. Mphunzitsi wa chikwama. Beseni la matemba. Mpando udapindidwa. Batire idatuluka. Thumba la mpunga lidatuluka. Pomalizira Idi, chowerama, mwendo umodzi utachita dzanzi.

"Tsiku la fote lakwana, akulu," adatero bambo wa batire.

"Ndimapita kukagula gasiketi," adatero Idi. "Ya sampu. Kuti ntchito ifulumire."

"Gasiketi ndili nayo," adatero Anderson.

"Esha wakupatsani moni," adatero Mayi Karima. "Akufunsa za mbuzi."

Idi adatembenuza nkhope. Adayang'ana msewu wa ku Salima, wautali, wopanda kanthu.

"Oyilo ali kuti?" adafunsa Sajenti.

"Ku Chinguluwe. M'makina a mpunga."

"Kangati?"

"Kamodzi kokha. Wallahi, kamodzi. Alamu, sindimadziwa kuti ziwononga. Ndimati choterera n'choterera."

"Kuba munkadziwa," adatero mayiwo. "Ndi kunamizira munthu munkadziwanso. Ndamutukwana bamboyu pamaso pa msika wonse chifukwa cha inu."

Unyolo udalira. Kondakitala adayamba kubwezera anthu ake, akudandaula kuti tsopano otsala ndi atatu.

Atabwerera ku galaja, Sajenti adaimba foni. Adamvetsera, adagwedeza mutu.

"Galimoto yathu yaperekeza nkhani ina, ibwera mawa. Munthuyu akufunika ku boma lero. A Chatepa, pikapuyi idzuka?"

"Ndione kaye ngati mabeyaring'i apulumuka."

Sajenti adamukhazika Idi patsinde pa mango. Anderson adalowanso m'dzenje. Adamasula chivundikiro cha beyaring'i imodzi, kachitsulo komwe kamayamba kudyeka oyilo akasowa, adaitulutsira kowala. Idali ndi timizere tochepa. Mkuwa wa mkati sudaonekere. Adayang'ananso yachiwiri. Chimodzimodzi.

"Mayi, Mulungu wanu ndi wamkulu. Mukanayenda mpaka pa Salima, bwenzi tikukamba za injini ina."

"Alhamdulillah."

Adatsitsa pampu. Adaitsegula pabenchi. Magiya ake adali bwino. Kavavu koletsa mphamvu kupyola muyeso kadali katamatirira, kosasuntha. Adakaviika m'palafini, adakapukuta mpaka kadayamba kutsetsereka kokha. Adatsuka sefa kachiwiri, adaiyang'ana kudzuwa. Maso onse adatseguka. Adakwecha sampu mpaka chitsulo chidaoneka. Ankaimba mluzu osadziwa.

Zonyansa zonse Sajenti adazithira m'chigubu, adamata, adalembapo. Mbale ya timinga adaikulunga m'jumbo.

Mayi Karima adapita okha kusitolo. Adabwera ndi fyuluta ziwiri ndi zigubu za oyilo, monga adawauzira Anderson. Zotsekera adadula okha ndi mano.

Gasiketi yatsopano. Sampu m'malo mwake. Bawuti lina, poti lakale lidali umboni. Oyilo woyamba adali wotsukira. Injini idalira naye mphindi khumi, adamukhuthula ali wakuda, akununkhabe usipa. Fyuluta ina. Oyilo wina. Anderson adamanga ndi soketi, adaviika kamtengo m'chitini cha penti, adalemba kamzere kake.

Nthawi idali 3:50. Adapereka geji kwa Mayi Karima.

"Gwirani ndinu. Ndi yanu."

Adalowa yekha, adapotokola kiyi. Injini idakhosomola. Ke-ke-ke. Kawiri, katatu. Kenako phokosolo lidamira, padatsala kulira kosalala. Kamuvi kadanyamuka. Kadadutsa 1. Kadadutsa 2. Kadakaima pa 4, nji.

"Kafika," adatero mayiwo. "A Chatepa, kafika."

"Tidikire itenthe. Yozizira imanyenga."

Adadikira. Injini idatentha. Kamuvi kadatsika pang'ono, kadakhazikika. Adaponda mafuta, kadakweranso. Anderson adazimitsa, adachotsa geji, adabwezera kaswichi ndi waya wake. Adalizanso. Kanyali kofiira kadayaka kamphindi, n'kuzima.

"Pakatha sabata mubwere tidzakhuthulenso," adatero. "Zotsalira zimabisala m'tinjira."

Mwini lole ya mpunga adadutsa mwakachetechete, adakoleka makiyi ake pa msomali uja. Adayamba kufunsa za mabuleki, ngati sipadachitike kanthu.

"Mawa, achimwene," adatero Anderson. "Lero ndili ndi ulendo."

Adanyamuka 4:20. Anderson pachiwongolero. Mayi Karima pambali pake. Kumbuyo, pomwe pamakhala mabasiketi a nsomba, padakhala Idi ndi unyolo wake, Sajenti ndi chigubu cha umboni. Oyitanira minibasi adaimba mluzu pikapu ikudutsa.

Msewu udali wabwino. Minda ya thonje, migwalangwa, njinga za makala. Anderson ankayendetsa pang'onopang'ono, khutu lili ku injini. Idali kuyimba bwino.

Adayenda mtunda ndithu.

"M'mawa ndinayankhula kwambiri," adatero Mayi Karima, maso ali kutsogolo.

"Munayankhula, mayi."

"Pakamwa panga pamafika ine ndisanafike."

"Galimoto ndi munda wanu. Aliyense akanakalipa."

"Mng'ono wanga ndikamuuza chiyani?"

Anderson adasintha giya.

Adafika ku polisi ya ku boma 5 koloko isadakwane. Adalowa onse anayi. Pa kauntala padali wapolisi wamtali, akulemba m'buku lalikulu. Adadzutsa mutu. Adaona Idi, shati yoyera, manja obisika kuseri kwa Sajenti. Adaona Anderson, ovolosi yakuda, oyilo mpaka m'zigongono, akununkha usipa.

"Nkhani ya oyilo ija?" adatero, akuloza Anderson ndi cholembera. "Iwe, vula lamba ndi nsapato."

Sajenti adatsegula pakamwa, koma Mayi Karima adamuyambirira. Adaima pakati, adaika chikhatho pa kauntala.

"Amenewa musawakhudze. Awa ndi a Chatepa, amakaniko a pa Khombedza. Dandaulo langa la m'mawa lifufutidwe, ndinalakwitsa munthu. Galimoto yanga sagwira wina koma iwowa. Lembani zimenezo."

"Awa ndi mboni," adatero Sajenti. "Wolakwa ndi uyu."

Adamasula unyolo. Idi adawerama, adayamba kumasula zingwe za nsapato.

Anderson adatuluka panja kudikira nthawi yake yopereka umboni. Pikapu idali pamthunzi, injini ikuzizira. Adagwada, adasuzumira kunsi. Pansi padali pouma, popanda ndi dontho lomwe.